A Layisoni ndi Kambalame ka Maso Ofiira

Mwezi uno wa chiperoni chakwana chaka chimwalirireni a Layisoni, aja anali mlonda wa moto pa kaphiri ka pa esiteti yathu ino. Palibe wakumbukira. Inenso ndisaname, ndinali nditaiwala. Koma Lachiwiri ndikupita ku sikelo ndi dengu langa la tiyi kumsana, ndinangoona kambalame kaja kataima m'mwamba, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo, mapiko okha ali phephephe. Ndinaima pakati pa mzere wa tiyi. Ndinati ha, chaka chatha eti.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndilemba mmene ndimayankhulira, mundikhululukire. Chimene ndikufuna ndi chimodzi basi. Kuno anthu amati a Layisoni anali mfiti. Pamaso pawo sankanena, koma kumbali ankanena, ndipo mpaka lero akunenabe ngakhale munthuyo ali m'dothi. Ine ndikuti ayi, sanali mfiti. Ndikudziwa kumene dzinalo linachokera chifukwa tsiku lake ndinalipo, ndinaima pomwepo manja ali m'thumba.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wovala jombo zodula m'akakolo ndi chikhoti chakuda cha pa kaunjika chimene sankavula ngakhale mu Okutobala. Ankayenda maso ali kumwamba. Chifukwa cha chimenecho ankapunthwa pafupipafupi, moti chala chawo chachikulu cha kumanzere chinalibe chikhadabo. Ukamayankhula nawo umadziwa kuti khutu limodzi lili kwa iwe, linalo lili mumtengo. Mwina uli pakati pa nkhani yofunika, iwo angokweza chala kuti takhala chete kaye, ndiye nonse muziyembekeza mpaka chimene amvacho chilirenso.

Ntchito yawo yoyamba inali yodulira tiyi. Anadulira zaka zambiri mpaka phewa la kumanja linakana, ndiye a ofesi anawaika pa kaphiri. Pamwamba pake pali mwala wafulati, ndipo pa nthambi ya mtengo wa mthethe anamangirirapo limu yakale ya tayala la thirakitala. Ukaona utsi ku bulugamu kapena ku munda wa udzu wa gwatemala, umamenya limuyo ndi chitsulo, anthu amasiya madengu n'kuthamanga ndi zitsamba kukazimitsa. Gwatemala ndi udzu wautali uja amadzala akazula tiyi wokalamba, kuti nthaka ipume zaka zingapo. Mumakhala mbewa zosayamba. M'dzinja kulibe moto, ndiye ankalondera mbuzi za kumudzi kuti zisalowe. Choncho chaka chonse anali pamwalapo, okha, kuyambira kukacha mpaka dzuwa kupendeka. Munthu ukakhala malo amodzi chonchi, kaya umapenga kaya umaphunzira. Iwo anaphunzira mbalame.

Ine ndinazolowerana nawo chaka chimene anandiika pa gulu lomweta gwatemala. Pa nkhomaliro anzanga ankapita kumthunzi wa kumunsi, ine ndinkakwera kukawapempha moto wootchera chinangwa. Tsiku lina ndinaloza m'mwamba n'kunena kuti kabawi uyo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe, aliyense wovala jombo ndi kapitawo?"

"Ayi madala."

"Ndiye bwanji chilichonse cha mlomo wokhota ukuti kabawi?"

Anandikhazika pansi. Anati pa kaphiri kano pamabwera zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Yoyamba ndi mphamba, yaikulu, yofiirira ngati dothi la m'njira, mchira wake wogawikana pakati ngati wa nsomba. Imabwera kukayamba kutentha, mvula ikamatha imachoka, ndipo imeneyo imatola chilichonse, mwanapiye, ngumbi, ngakhale matumbo amene wataya kuseri. Wachiwiri ndi kabawi weniweni. Ameneyo sumuona akuzungulira m'mwamba masana. Ali ndi mapiko aafupi, mchira wautali, pachifuwa mizeremizere, maso achikasu. Amabisala m'masamba a mapeyala kapena mango pafupi ndi nyumba, amadikira, kenako amangotulukira chamunsimunsi, ukamati fuu iye wapita kale ndi mwanapiye. Anati wakuba weniweni ndi ameneyo, ndipo n'chifukwa chake anthu samudziwa nkhope.

Kachitatu ndi kamene ine ndinaloza. Iwo ankakatchula Kaphulusa. Dzinalo anapeka okha, dzina lake lenileni ine sindilidziwa. Anati ndiyang'ane bwinobwino, ndipo ndinayang'ana. Kukula kwake kuposa nkhunda pang'ono. Kumimba n'koyera ngati ufa woyera, kumsana n'kotuwa ngati phulusa la m'mawa, pamapewa pali pakuda bii ngati wina wakagwira ndi manja a makala. Miyendo yachikasu. Mchira waufupi, ndipo kakatera pa waya wa magetsi kamaukweza n'kuutsitsa, kuukweza n'kuutsitsa. Kakafuna chakudya kamayang'ana kumene kukuchokera mphepo, n'kuima malo amodzi m'mwamba, mutu osagwedezeka. Kakaona mbewa sikagwa ngati mwala ayi. Kamakweza mapiko onse awiri m'mwamba, miyendo ili lende, n'kutsika pang'onopang'ono, kenako kumapeto phi, mu udzu. Ndiye maso. Maso ake ndi ofiira psuu, ngati khala la moto.

"Kameneka chakudya chake ndi mbewa," anatero. "Pena buluzi, pena chiwala. Pakhomo pa munthu sikafika. Zaka zonse ndakhala pano sindinakaone ndi mwanapiye."

Anali wamakani pa nkhani imeneyi, ndipo ankakangana ndi aliyense. Kapitawo wathu, a Biziwiki, anawakalipirapo kuti kampani inawalemba kuti aziyang'ana moto, osati mbalame. Iwo anayankha kuti mphamba zimaona moto iwo asanauone, zimathamangira ku utsi kukagwira ziwala zothawa, ndiye woyang'ana mbalame ndi amene amayamba kumenya limu. A Biziwiki anangopukusa mutu, chifukwa zinali zoona, moto sunawapitirirepo. Ankakangananso ndi osaka mbewa amene amayatsa tchire. Ankawauza kuti Kaphulusa amagwira mbewa zambiri kuposa iwo koma sanagulepo machesi. Kunabweranso manijala wina wachinyamata wochokera ku Lilongwe, munthu wabwino ndithu, anakwera kaphiri n'kuwaonetsa chithunzi cha kambalameko pa foni, n'kuwauza dzina lake lachizungu lalitali. A Layisoni anayang'anitsitsa, n'kubweza foni ndi manja awiri mwaulemu. Bwana atatsika, madala anandiuza kuti chithunzicho n'chabwino koma mchira wake sugwedera, ndiye munthu sangaphunzirepo kanthu.

Za moyo wawo ankanena pang'ono. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, iwo anabadwira m'malaini mommuno, m'nyumba za antchito. Anakwatira kwa Khwethemule, anakakhala kwa mkazi monga timachitira, anamanga nyumba, anadzala nthochi. Mkazi atamwalira, abale a mkazi sanawathamangitse ndi mawu, koma munthu umaona wekha kuti munda si wako, nthochi si zako, ana ndi a kwa amalume awo. Ananyamula mphasa n'kubwerera ku malaini, kanyumba ka kumapeto. Mwana wamwamuna anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Wamkazi, Feliya, amagulitsa tomato ku Bvumbwe. Ameneyo ankabwera mwezi ndi mwezi ndi tiana take tiwiri, ndipo tsiku limenelo madala ankatsika msanga pa kaphiri, ankasesa pakhomo mpaka kuseri.

Chilomwe ankayankhula ndi kambalameko. Ndi ife ankayankhula Chinyanja, koma Kaphulusa akaima pamwamba pawo ankamuyankhulitsa m'chinenero cha amayi awo, motsitsa mawu, ngati mmene umayankhulira ndi mwana ali kumsana. Ndinawafunsa kuti mukumuuza chiyani. Anati palibe, ndikungomufunsa ngati wadya. Anati anzawo oyankhula nawo Chilomwe chenicheni anatha, ndiye lilime lingachite dzimbiri.

Tsopano ndinene za tsiku lija.

Chinali chaka chimene mbewa zinachuluka mu gwatemala, mvula itangotha. Kaphulusa ndi mkazi wake anamanga chisa pamwamba penipeni pa mthethe uja wa limu. Kachisa kake kosalimba, timitengo tochepa tosanjikiza, moti ukaima pansi umaona kuwala kudutsa. Mkazi anakhalira mazira pafupifupi mwezi wathunthu, mwamuna akumubweretsera mbewa. Anaswa ana atatu. A Layisoni anasiya kumenya limu yoyesera m'mawa kuti asawadzidzimutse.

Nthawi yomweyo ku malaini anapiye anayamba kutha. Amene anapwetekeka kwambiri ndi make Esinati, mayi wothyola tiyi mwachangu kuposa tonse, ndipo pakamwa pake n'pachangunso chimodzimodzi. Thadzi lawo linaswa anapiye asanu ndi anayi, pa masabata awiri anatsala awiri. Anthu akakweza maso ankaona chiyani? Kaphulusa, chifukwa ndi amene amaima poyera tsiku lonse. Ndiye anagwirizana kuti Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tikagwetse chisa.

Tinakwera anthu ngati khumi ndi asanu, amuna ndi nsungwi zazitali ndi malegeni, amayi kumbuyo, ena akadali ndi mabuku a nyimbo m'manja. Ine ndinatsatira kuti mwina ndithandize kuyankhula. Sindinayankhule. Tinawapeza madala atakhala pamwala pawo, pamiyendo ali ndi chitini chakale cha mkaka waufa.

"Madala, tasunthani pang'ono," anatero a Biziwiki. "Tikufuna chisacho."

"Chakulakwirani chiyani chisa, akapitawo?"

Make Esinati anadutsa amuna onse n'kuima kutsogolo. "Anganga, musatichedwetse. Thadzi langa likungoyendayenda ngati namfedwa. Anapiye asanu ndi awiri! Mukudziwa kuti ndimati ndigulitse ndimugulire Esinati yunifolomu?"

"Pepani mayi. Koma munamuona wotengayo?"

"Ndinaona kabawi."

"Wamtundu wanji?"

"Iii, tamverani anthuni! Nanga ndikanamuimitsa n'kumufunsa ngati ndi Mlomwe kapena Mngoni?"

Anthu anaseka. A Layisoni nawonso anaseka pang'ono. Mpaka pamenepo zinali bwino, zinali nkhani za anthu odziwana. Kenako anati dikirani ndikuonetseni, n'kuvula chikhoti chija, kuchiyala pansi, n'kutsegula chitini.

Ine ndinkadziwa zimene zinali m'menemo. Kaphulusa akadya mbewa amameza ndi ubweya ndi mafupa omwe. Zimene mimba yalephera kugaya amazilavula pambuyo pake, zitaumbika kampira kotuwa ngati theka la chala. Madala ankatola timipira timeneti pansi pa mthethe ndi pansi pa pholo la magetsi, n'kutiyanika, n'kusunga. Anayamba kalekale, pofuna kudziwa okha zimene kambalameko kamadya. Kwa iwo chitinicho chinali ngati buku la ku sikelo, umboni woti aliyense akhoza kuona.

Anakhuthula pachikhoti. Anatenga kamodzi n'kukafikisa ndi zala. Ubweya unauluka, munatuluka kachibwano kakang'ono kokhala ndi mano achikasu. Anakaika pambali. Anafikisa kena, kachigaza. Kena, timafupa ta miyendo. Ankazindandalika pamzere bwinobwino, zibwano pazokha, zigaza pazokha, akuyankhula osakweza mutu.

"Izi mbewa. Iyinso mbewa. Bwerani mufufuze nokha, mukapezamo nthenga ya mwanapiye ngakhale imodzi, nsungwi ndigwira ndine."

Palibe anawerama. Ine ndinayang'ana nkhope za anthu. Madala ankaona umboni. Anthu ankaona nkhalamba yokhala yokha, yopanda mkazi, imene yasunga ubweya ndi tizigaza m'chitini kwa zaka, ikuzindandalika pa nsalu yakuda. Kuseka kunali kutatha.

Ndiye mwatsoka, nthawi yomweyo mwamuna wa Kaphulusa anatulukira kuchokera ku gwatemala ndi mbewa kumapazi. Ataona gulu la anthu pansi pa mtengo wake sanatere. Anaima m'mwamba pamwamba pathu penipeni, chapafupi, akutiyang'ana ndi maso aja. A Layisoni, mwa chizolowezi chawo, anakweza mutu n'kumuyankhula m'Chilomwe motsitsa. Ndikhulupirira ankangomuuza kuti usaope. Kambalame kanazungulira kamodzi n'kutera pachisa.

"Kamva," anatero munthu wina kumbuyo.

Mayi wina ananyamula mwana wake n'kumuphimba kumaso ndi chitenje. Nsungwi zinayamba kutsika imodziimodzi. A Biziwiki anakhosomola, n'kunena kuti nkhaniyi tiionanso. Make Esinati sananene kanthu, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anthu anatsika kaphiri mofulumira, osatsanzika, ena nsungwi anazisiya pomwepo.

Madala anandiyang'ana nkhope ili ngwee. "Waona? Amva."

"Madala, sanamve. Achita mantha."

"Mantha a chiyani?"

Anayang'ana pachikhoti, tizigaza tili pamzere, n'kuyang'ana njira imene anthu anatsikira. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

Ine ndinati, "Tiyeni mawa m'mawa tikaonane ndi akapitawo ndi akulu a mpingo. Chitinichi titaye. Ndikafotokoza ndine, ndikanena kuti ndakhala ndikuona mukutola."

"Ndikufunse," anatero. "Mmene aopamu, abweranso ndi nsungwi?"

"Ayi. Sangayerekeze."

"Nanga mantha akatha?"

"Kaya. Mwina abwera. Anapiye akuthabe."

Anayamba kutola timafupa n'kubwezera m'chitini, kamodzikamodzi. "Ndiye zisiye kaye. Ana ali m'mwambamu atsala masabata atatu kuti auluke. Akauluka tikafotokoza."

Ana anauluka, onse atatu. Ndinawaona atandandalikana pa waya, pachifuwa pali pofiirira ngati tiyi wothira mkaka wochepa, maso asanafiire. Mayi wawo anachoka msanga, anatsala bambo akuwadyetsa mpaka anaphunzira kuima pa mphepo okha, kenako nawonso anabalalika. Madala anati ndi mmene zimakhalira, bambo amatsala pa pholo, ndipo ana sabwera kudzamuona. Ananena akuyang'ana kumbali.

Koma zokafotokoza zija sizinachitike. Pofika nthawi imeneyo nkhani inali itafika kale ku Masambanjati, itakula. Ena ankati kambalameko amakatuma. Ena ankati m'chitini munali mafupa a zala za ana. Palibe anawamenya, palibe anawaotchera nyumba, mwina chifukwa cha mantha omwewo. Anangowasiya. Amayi anasiya kukapala moto kwawo. Pa bawo akafika, masewera ankatha, aliyense wakumbukira ntchito. Ku maliro ankawapatsa mbale yawoyawo. Ku tchalitchi benchi yawo inkakhala ndi malo ambiri. Mwana akatentha thupi ku malaini, anthu ankayang'ana kanyumba ka kumapeto. Feliya anabwerabe, koma yekha. Anati apongozi ake akaniza ana. Madala anasesabe pakhomo tsiku lobwera iye, koma kuseri anasiya.

Ine ndinapitiriza kukwera kaphiri, koma ndinkayamba ndayang'ana uku ndi uku. Tikakumana pa sikelo pali anthu, ndinkawapatsa moni wa m'khosi, wosamveka. Iwo ankaona. Sanandifunsepo.

Chaka chotsatira ndinawakumbutsa kuti madala, nkhani ija. Analoza m'mwamba. Munali chisa china. Anati zisiye kaye. Kenako kampani inazula gwatemala n'kudzala tiyi watsopano, mbewa zinachepa, Kaphulusa anasowa. Ndi khalidwe lake, amatsata mbewa, akhoza kuchoka chaka kapena ziwiri. Ndinati tsopano palibe chotchinga, tiyeni. Anaseka. Anati panopa ndani angamve, akuti ndakatumiza kutali. Ndipo anati kakadzabwera kadzapeza mtengo uli chiimire, zimenezo n'zokwanira. Sindikudziwa ngati ankakhulupirira zimenezo kapena anali atangotopa. Ndimaganiza kawirikawiri, sindipeza yankho.

Atapuma ntchito anachoka ku malaini, anakamanga kanyumba ka udzu kutsidya kwa mtsinje, pa malo amene mfumu inawabwereka. Koma m'mawa uliwonse ankakwerabe kaphiri, opanda malipiro, kukakhala pamwala n'kumayang'ana pholo lopanda kanthu. Anachita zimenezo mpaka chifuwa chinawagwira.

Ndinakawaona komaliza masana ena a chiperoni, nkhungu ili tolo, kamvula kakuwaza. Anali gone pamphasa atafunda chikhoti. Ndinawaphikira phala, anamwa masipuni atatu.

"Wadutsa pa kaphiri?"

"Eya madala."

"Kabwera?"

Ndinati eya, kabwera, ndakaona kataima m'mwamba. Ndinkafuna asangalale.

"Kanayang'ana kuti?"

"Ku fakitale."

Anayamba kuseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwadzutsa n'kuwasisita pamsana. "Iwe, bodza sulitha. Mphepo ya chiperoni imachokera ku Mozambiki. Kakanakupatsa msana uli ku fakitaleko." Anapuma pang'ono. "Komabe zikomo."

Kenako analoza kudenga, pamene anatsomeka chitini. Anati ndichichotse Feliya asanabwere, asadzachipeze akamasesa m'nyumba, angavutike mtima. Ndinachitenga pansi pa jekete, ndinakakhuthula pansi pa mthethe, chitini ndinaponya m'chimbudzi. Patatha masiku anayi anamwalira.

Maliro ake anali a anthu ochepa. Nyimbo zinali zachangu. Mwa amayi a ku malaini amene anabwera kudzaphika, mmodzi anali make Esinati. Pobwerera tinapezeka tili awiri m'kanjira ka m'tiyi, iwo patsogolo ndi ndowa pamutu. Anayankhula osatembenuka.

"Achimwene, ine ndinamuona."

"Ndani?"

"Wotenga anapiye uja. Sabata yomwe ija. Ndinali ndikutsuka mbale, anatuluka mu mpeyala wa kuseri kwanga. Wamizeremizere pachifuwa. Sanali woyera uja ayi."

Ndinaima. "Mayi, ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikanene kwa ndani? Ndinayambitsa ndine. Akanati nkhalamba yandidyetsa mankhwala." Anatsitsa ndowa n'kundiyang'ana. "Nanga inu, amene munkadya nawo chinangwa, munkadziwa zonse, munanena?"

Anasenzanso ndowa yawo n'kupitirira.

Ndiye Lachiwiri lija nditakaona kambalame, ndinadikira kuweruka, ndinakwera kaphiri. Kampani yazula tiyi wina wokalamba kumunsi kwake n'kudzalanso gwatemala, mbewa zabwerera, Kaphulusa wabwerera. Ali awiri. Ndinaona mmodzi atanyamula kamtengo kukamwa. Ndili pomwepo anadutsa amuna awiri a kumudzi ndi makasu ndi malegeni, osaka mbewa. Atakweza maso n'kukaona, anasiya njira yachidule n'kukazungulira kutali.

Pamenepo ndinaganiza kuti aa, mwina ndikalemba nkhaniyi, pepalalo ndiliike kaye pansi pa matilesi mpaka ana adzauluke. Chifukwa anthu akandikhulupirira kuti madala anali munthu wamba, mantha atha, ndipo malegeni aja sadzazunguliranso. Kenako ndinadzimva kuti ndikuyankhula mawu a madala omwe aja. Iwo anadikira ana a mbalame, chaka ndi chaka, mpaka anapita kumanda ndi dzina loipa. Ine sindidikira. Ndalemba, ndipo Lamulungu ndikapempha akulu a mpingo kuti ndiwerenge tikaweruka. Make Esinati ndawauza, ati adzakhala kutsogolo, koma kuyankhula sakulonjeza. Mukandikhulupirira, mukhulupirire zonse ziwiri. A Layisoni sanali mfiti, ndipo kambalame koyera ka mapewa akuda sikadya anapiye anu. Mukasiye chifukwa cha chimenecho. Amene akukayika abwere, ndikamufikisire kampira pamaso pake, masana, anthu akuona.

Pa kaphiri palibe mlonda tsopano. A masiku ano amakhala ku geti, akaona utsi amaimba foni. Limu ikadali pa nthambi, yachita dzimbiri, waya wake walowa m'khungwa la mtengo, chitsulo chomenyera wina anatenga. Mitengo yonse yozungulira inatha ndi nkhuni, watsala mthethe wokha, ndipo nthambi zake zouma zimagwa n'kuwolera pomwepo, palibe mayi amazitola. Mafuwa atatu amene tinkaotcherapo chinangwa alipo, pakati pake pamera chisoso. Mwala uja uli ndi malo osalala pamene ankakhala, ndipo kutsogolo kwake kuli timaenje tiwiri m'dothi, mmene munkaponda zidendene za jombo. Udzu sunamerebe bwino pamenepo.

Sindinakhalepo. Ndinaima pambali. Pansi pa mtengo ndinapeza kampira kamodzi katsopano, kakadali konyowa. Ndinakafikisa. Ubweya, kachibwano, mano achikasu. Nthenga munalibe. Ndinatembenuka nako m'dzanja kuti ndionetse munthu, ndipo pamwala panali nkhungu yokha ikudutsa.